Phula pa Chivundikiro cha Thanki

Achimwene anga a Gabrieli anabwera kuchokera kunkhondo manja awo akunjenjemera. Kuusilikali ankakonza magalimoto, koma kwathu ku Kasenengwa ngakhale kapu ya madzi inkawavuta kufikitsa pakamwa. Ine ndinali nditangosiya sukulu chaka chomwecho cha 1946, ndipo ndinkachita nawo manyazi ngati alendo. 

Mvula ili pafupi, anauza amayi kuti apita ku Halale kukafuna ntchito yaulonda m'mapulazi a fodya. Amayi anangoyamba kukazinga nsawa za kamba. Ambiri amene anapita kumeneko timangowadziwa mayina.

Kamba asanathe kumangidwa, lole inatsitsa a Matiyasi panjira pathu. Iwowa ankaolotsa anthu ndi katundu pa Luangwa m'bwato la mwini sitolo wina wa ku Fort Jameson. Anali atanyamula injini ya bwatolo m'chiguduli. Anati ikalira pang'ono imatsokomola n'kuzima, ndipo bwana wawo walonjeza kuti woikonza adzamulemba ntchito yosamala injiniyo pamodzi ndi lole ya kusitolo. Achimwene anangowaonetsa manja.

Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinati, "Achimwene, manja ndili nawo ine. Inu muzingonena."

Anandiyang'ana, kenako anandituma kukatenga lichero ndi nsalu yoyera.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Anandiuza kuti petulo amayenda ngati madzi mumfuleni: achoke m'thanki, adutse m'kapaipi, alowe m'kabuleta momwe amasakanikirana ndi mpweya. Paliponse patseka, injini ifa. Ndinamasula zitsulo chimodzichimodzi n'kumaziika palichero monga zinatsatirana. Kasefa kanali kodzaza dzimbiri. Pansi pa kabuleta panali timadontho ta madzi. Kachitsulo kena kanali ndi kabowo kochepa koposa ka singano, ndipo nditati nditokosemo ndi singano yanga ya kusukulu anandiletsa, kuti ikulitsa bowolo. Ndinapisamo ulusi wa khonje n'kuuziramo ndi pakamwa. Petulo woyamba tinataya, watsopano tinasefa pansalu ija.

Injini tinaimangirira pamgolo wodzaza madzi. A Matiyasi anakoka chingwe, ndipo inalira mpaka nkhuku zinabalalika. Amayi anatuluka m'nyumba. Posakhalitsa inatsokomola, n'kuzima.

Tinamasulanso zonse, tinatsukanso. Inazimanso chimodzimodzi. A Matiyasi anayamba kunena kuti mwina pali munthu wansanje anaiponda kudooko. Achimwene anapukuta manja pakabudula, nati basi, nzeru zawo zathera pomwepo. Maso awo anali pathumba la kamba lija pakhonde.

Ine ndinati ndione ngati petulo watsalamo. Nditapotokola chivundikiro cha thanki, panamveka kuti fyuu, ngati munthu akukoka mpweya.

"Tatsekanso, Sesiliya," anatero achimwene. "Ayi, bwera nacho kuno."

Anachitembenuza m'manja mwawo monjenjemeramo, n'kukanda pamwamba ndi chikhadabo. Panatuluka phula la njuchi.

A Matiyasi anavomera mosabisa kuti anamata ndi iwo. Anaona kabowo pachivundikiro, ndipo petulo wosowa chonchi sakanalola kuti aziuluka. Kwawo chipanda cha uchi chikaboka amamata ndi phula, nanga thanki isiyane pati?

Achimwene anaseka. Chibwerereni ndinali ndisanawamve akuseka, ndipo ndinayang'ana kumbali kuti asaone maso anga.

"Madala, mwaitseka mphuno! Inuyo tikumateni phula m'mphunomo muolotse bwato?"

"Mwana iwe, ine ndimasunga chuma cha bwana," anatero a Matiyasi, nawonso akuseka.

Achimwene anafotokoza kuti petulo akamatuluka, mpweya uyenera kulowa pakabowoko. Kupanda apo thanki imagwira petulo ngati nsupa yotseka ndi chala. Apa singano yanga anailola. Ndinachotsa phula lonse, a Matiyasi anakokanso chingwe, ndipo injini inalira osaleka, madzi akuthovoka mumgolo mpaka kunyowetsa chitenje cha amayi.

Ataizimitsa okha, achimwene anati mawa akwera lole ndi a Matiyasi kupita ku Fort Jameson, koma akauza bwanayo kuti ntchito ya tizitsulo ting'onoting'ono ali ndi mnzawo. Ndinangogwedeza mutu, zala zikununkha petulo.

Amayi anamasula thumba la kamba, nathira nsawa zonse m'mbale kuti alendo adye.