Botolo la Thobwa Pansi pa Alteza

Kuchokera pakhomo pathu kukafika pa tala wopita ku boma la Salima ndi ulendo wa ola ndi theka ukakhala wapansi. Msewu wake ndi wamchenga. Ngolo zotuta mpunga zinakumba tinjira tiwiri, uku ndi uku, pakati n'kusiya mtumbira wautali ngati mzere wa mbatata. Pa dambo, pomwe pali mgwalangwa wopsa ndi mphenzi, mtumbirawo umakula kwambiri. Ndayamba ndi msewu chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Amuna anga a Martin anakhala ku Joni zaka zitatu akutsuka magalimoto a anthu. Pobwera anabwera ndi yawoyawo, Alteza yofiira. Abale ankati bwenzi atagula malata, koma ine sindinadandaule. Mwana wathu Ufulu ndi mtsikana wodwaladwala chibadwire. Malungo akamugwira sachita naye masewera, kawiri konse anakomokapo ali kumsana kwanga. Ndiye ndinati galimoto ikakhala pakhomo, chipatala chasendera pafupi. Miyezi yoyamba zinalidi choncho. Theka la ola, tafika.

Kenaka a Martin anapeza anzawo. Lamlungu masana anyamata a magalimoto amakumana pa msewu wa ku Senga Bay, kutsegulirana maboneti, kuthamangitsana, kujambulana pa foni. Mkulu wawo ndi a Robert, makaniko wa pa boma, amene amaitanitsa zipangizo kuchokera ku Lilongwe. Choyamba chinabwera ndi ekizosi yokula kukamwa ngati chitini cha mkaka. Ikalira nkhuku zinkabalalika, Ufulu n'kumatseka makutu akuseka. Kenaka marimu onyezimira okhala ndi matayala opyapyala ngati lamba. Kenaka anachotsa tayala lapadera ndi jeke m'buti, malo mwake n'kuikamo chibokosi cha masipika. Zonsezi ndinkangoyang'ana. Galimoto inali ikuyendabe, ndipo ine changa chinali chimenecho.

Tsiku lina anafika masana akumwetulira, n'kuima patsogolo panga manja ali m'chiuno.

"Mayi a Ufulu, ndaitsitsa."

"Mwatsitsa chiyani? Katunduyo ali kuti?"

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Osati katundu, inu! Galimotoyi. Taonani mmene yakhalira. A Robert aika masipuling'i aafupi. Pa kona siipendekekanso, ikungomata pansi ngati nkhupakupa."

Ine ndimagulitsa thobwa la m'mabotolo, ndipo dzuwa likakula ndinkaimika mabotolowo pansi pa galimoto, pamthunzi, kuti lisasase msanga. Ndinatenga botolo limodzi kuti ndiike pamalo pake pa masiku onse. Linakana kulowa. Chitsekerero chinagunda chitsulo. Ndinaligoneka, ndipo pamenepo linalowa.

"Bambo a Ufulu, nanga pa dambo?"

"Pa dambo patani?"

"Mtumbira uja. Kale botolo linkaima, koma mimba ya galimoto inkakhudzabe pang'ono. Lero botolo lagona. Mudutsa bwanji?"

"Ndadutsa bwanji pobwera? Luso, mayi. Umakwera tayala limodzi pamwamba pa mtumbira, pang'onopang'ono. Inu za galimoto zisiyeni, thobwa likukudikirani uko."

"Tsiku lodwala mwana kulibe pang'onopang'ono."

"Aa, Enifa, pakamwa pakopo. Ukumuitanira matenda mwanayu?"

M'mawa mwake ndinakwera kabaza mpaka ku galaja ya a Robert. Masipuling'i akale anali atatayidwa kuseri pa mulu wa zitsulo. Ndinawapempha.

"Alamu, mukufuna mukapangire mafuwa?" anatero a Robert, anzawo n'kuseka.

"Eya, mafuwa," ndinatero. Ndinawamanga onse anayi m'thumba, kunyumba ndinakawalowetsa kunsi kwa bedi, ndipo ndinawauza a Martin pomwe ali. Anangoti, "Chabwino, tidzaona."

Ndinatenganso khasu. Masiku anayi ndinkapita pa dambo kukasalaza mtumbira. Oyendetsa ngolo ankandifunsa ngati boma landilemba ntchito. Koma mvula itayamba, ngolo zinakumbanso tinjira tija mozama kuposa kale, mtumbira n'kubwerera ngati sindinaukhudzepo. A Martin anayamba kuisiya galimoto masiku ena kwa mnzawo pa tala. Sabata imeneyo inali pakhomo chifukwa ankafuna kuipukuta, Loweruka kunali ukwati woti akanyamule akwati.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Febuluwale. Ufulu anadzuka thupi lili moto. Ndinamupatsa panado, ndinamupukuta ndi nsalu yonyowa. Cha m'ma naini ndikumumwetsa phala, maso anatembenuka, nsagwada zinalumana, thupi lonse n'kuyamba kuphiriphitha. Ndinakuwa. A Martin anatuluka opanda malaya, makiyi ali m'manja. Pamenepo sindingawanamizire, anathamanga ngati bambo.

Ndinakhala kumbuyo mwana ali pamiyendo. Mimba ya galimoto inkakhula mchenga njira yonse, khwee, khwee, ngati munthu akupala poto. Tikuyandikira mgwalangwa ndinati, "Kwerani pambali monga munkanenera."

"Pambali pali matope, titerereka. Ndikangoiponda idutsa."

Anaiponda. Ekizosi inabangula, tinalowa pa dambo mwaliwiro, kenaka kunamveka kugunda pansi pa mapazi anga, mutu wanga n'kumenya mpando wakutsogolo. Galimoto inaima. Injini inkalira, matayala akumbuyo ankazungulira n'kumamwaza matope, koma sitinkasuntha. Inali itakhala pamimba pamwamba pa mtumbira ngati kamba woikidwa pa chitsa.

Anayesa giya yobwerera. Anayesanso yakutsogolo. Fungo la labala linadzaza m'katimo.

"Jeke!" ndinatero. "Tiikweze tiike mitengo."

Tonse tinkadziwa chomwe chinali m'buti.

Anthu amene ankapalira mpunga anabwera akuthamanga, matope ali m'miyendo. Amuna asanu anagwira kumbuyo kuti akankhe. Ufulu anali atayambanso kuphiriphitha kachiwiri, thovu lili kukamwa. Ndili m'kati momumanga kumsana ndinamva mawu a amuna anga:

"Musakankhire pa bampala, ithyoka! Gwirani m'mbalimu!"

Mwina anangolankhula osaganiza. Mwina pakamwa pankangotuluka zomwe panazolowera. Koma ine ndinamva, ndipo mpaka lero ndimamvabe. Ndinavula patapata, n'kuyamba kuthamanga.

"Enifa, dikira! Ituluka pompano!"

Sindinacheuke. Mumchenga wonyowa munthu suthamanga, umangovutika. Mutu wa mwana unkagunda pamsana panga ngati dzungu. Ndinkamuitana dzina kuti ndimve ngati ayankhe, osayankha. Nditadutsa minda ya chinangwa ndinakumana ndi bambo wina wa njinga, atanyamula dengu la usipa. Ndinkangowadziwa patalipatali, ndi a Binali a kunyanja. Anayang'ana mwana, sanafunse kanthu. Anamasula dengu, analiika pansi m'mbali mwa msewu pomwepo.

"Bismillah. Kwerani, mayi. Gwirani zolimba."

Pena ankapalasa, pena tinkatsika n'kumakankha. Pa tala anatiimitsira njinga yamoto, iwo n'kubwerera ku usipa wawo. Sindikudziwa ngati anaupeza. Pa chipatala ndinafika dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu.

Namwino amene anandilandira, a Lilian, anamulanda mwana m'manja mwanga akuthamanga. Atamubaya jakisoni ndi kumuika diripi anandifunsa, "Wayamba nthawi yanji kuphiriphitha?"

"Cha m'ma naini."

Anayang'ana wotchi yapakhoma, anandiyang'ana ine. "Mayi, nthawi yonseyi munali kuti? Kwanu kulibe ngakhale njinga?"

"Kwathu kuli galimoto," ndinatero.

A Martin anafika cha m'ma folo, pa kabaza, matope mpaka m'tsitsi. Galimoto anachita kuikoka ndi ng'ombe. Anagwada pambali pa bedi n'kulira, ndipo ndinawasiya alire.

Ufulu anatsegula maso tsiku lachinayi. Malungo anali atafika ku ubongo. Ali moyo, ndipo pa chimenecho ndimathokoza Mulungu tsiku lililonse. Koma mkono wamanzere sugwira, mwendo amaukoka, ndipo mwana amene ankatchula mayina a nkhuku zonse pakhomo tsopano amangoti "ma". Adokotala anati sanganene kuti kukanakhala kufika msanga zikanatha bwanji. Anati tizibwera naye Lachinayi lililonse ku mafizo, kowongola ziwalo, osadumphitsa, ndipo akangotentha thupi tisadikire ngakhale ola limodzi.

Tinakhala m'chipatala masabata awiri. Tsiku lotuluka a Martin anabwera kudzatitenga. Galimoto inali panja pa geti, yotsukidwa, ikunyezimira. Ekizosi imene inaphwanyika pa dambo inali itawotcheredwa bwinobwino. Anatsegula chitseko chakumbuyo, anali atayalamo bulangete latsopano la mwana.

M'chikwama mwanga munali botolo lomwe achemwali anga anandibweretsera thobwa. Ndinalitulutsa, ndinagwada mwana ali kumsana, n'kuliimika pansi pa chitseko. Chitsekerero chinagunda chitsulo.

"Masipuling'i ali kunsi kwa bedi," ndinatero. "Munali ndi masabata awiri."

"Ndikudziwa, mayi a Ufulu. A Robert anati tiyambe ndi ekizosi, inkatulutsira utsi m'kati. Komanso mvula ikutha, msewu uuma. Mwezi wamawa ndibwezeretsa, ndikulumbira."

"Kubwezeretsa kumatenga nthawi yaitali bwanji?"

Anayang'ana pansi. "Theka la tsiku."

Ndinaimirira, ndinapukuta maondo. Sindinakalipe, mphamvu zokalipira zinathera m'wodi. Achemwali anga amachita lendi kachipinda kuseri kwa msika wa pa boma, ndipo kuchokera pamenepo kufika pa chipatala ndi mphindi khumi wapansi. Miyendo yanga palibe amene angaitsitse.

"Tikakhala kwa achemwali. Zovala za mwana mutitumizire, ndi poto wanga wa thobwa."

"Enifa, anthu aziti chiyani? Ukwati ukuthera sipuling'i?"

"Sindinanene za ukwati. Botolo ili ndikusiyirani. Tsiku lomwe lidzaime pansipo mudzabwere nalo, ndidzayesa ndekha."

Ndinaliika pa bulangete lija, n'kutseka chitseko.

Lero patha miyezi itatu. Lachinayi lililonse timapita ku mafizo, ndipo Ufulu wayamba kufumbata supuni ndi dzanja lodwalalo, ngakhale imagwa. Bambo ake amabwera Loweruka ndi shuga ndi sopo, amamunyamula, amamuimbira. Galimoto amaisiya kutali, kuseri kwa sitolo, kuti ndisaione. Koma Lamlungu masana, mphepo ikamachokera kunyanja, ndimaimva ikubangula pa msewu wa ku Senga Bay. Ufulu nayenso amaimva. Amakweza dzanja limodzi n'kutseka khutu limodzi.