Nyimbo Yathu Yaitali pa Mpikisano wa Mayiko

Ndinalota tili pa siteji ya mpikisano wa nyimbo wa mayiko ambiri, ine ndi mchemwali wanga Tadala, woimba wa gulu lathu. Tinkaimba nyimbo yathu yaitali ija, yoyamba ndi gitala wolira pang'onopang'ono, ng'oma n'kudzasintha mayendedwe pakati. Oweruza anali atakhala m'madzi ofika m'chiuno, atavala majekete. Mmodzi anakweza lumo lalikulu nati, "Ifupikitseni, tikufuna kolasi yoti aliyense aimbe nawo." Zingwe za gitala wanga zinatentha ngati waya wa pa mbaula, koma sindinasiye. Kenako pansi panamera chimanga, ndipo anthu a zinenero zachilendo ankavina m'mizere yake, akuphonya sitepe n'kumaseka.

Nditadzuka, zala zinkandiwawabe. Loto limeneli linandisowetsa mtendere, chifukwa tsiku lotumiza nyimboyo ku mpikisano weniweniwo linali litakwana, ndipo Tadala ankafuna tiifupikitse.

Nditamufotokozera, anati, "Achimwene, mwina madziwo akutanthauza kuti timira."

"Kapena," ndinayankha. "Koma anthu aja ankavina, ndinawaona ndi maso angawa."

Kenako anati, "Chabwino. Kolasi ibwere kawiri, zina zonse zikhale momwemo."

Tinaijambula choncho masana omwewo n'kuitumiza ndi utali wake wonse.