Mayeso a Sajeni

Komiti ya mudzi wa mpanda wa ku East Legon inakhazikitsa lamulo: galu aliyense azisewera ndi anzake pabwalo la agalu Loweruka, ndipo wolephera asamuke. Bambo Ekow Bentsil, amene anali atangosamukirako atapuma ntchito ya kasitomu yokhometsa msonkho wa katundu kudoko la Tema, analiwerenga katatu.

Galu wawo Sajeni anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ku Tema ankamutsekera m'khola usana wonse kuti asazolowere nkhope ya munthu, n'kumamumasula pokhapokha geti likatsekedwa. Mnzake wa chiyani? Chibadwire sanamufunepo. Koma kuchokera pamene mayi a kunyumba anamwalira, ndi iye yekha amene ankamvetsera madandaulo a bambowo osawadula mawu.

Loweruka linafika. Pabwalo panali tiagalu tovala malaya, tonunkhira sopo kuposa eni ake. Sajeni anatiyang'ana kamodzi, n'kukakhala pageti, msana kukhamu.

"Ankolo, galu wanuyu ali pamaliro?" anafunsa Anti Okailey, wapampando, cholembera chili m'manja. "Onani Bisiketi wanga. Waluma kale awiri, koma ndiye kucheza kumeneko!"

"Ndi wamanyazi chabe, Anti. Mpatseni kamphindi."

"Mphindi khumi, Ankolo. Kuno si kudoko."

Bambo Bentsil anaponya mpira. Sajeni anautsatira ndi maso okha. Anaimba mluzu, anaomba m'manja, koma ayi ndithu. Pamapeto pake munthu amene oyendetsa malole ankamunjenjemera anagwada pakapinga, n'kuyamba kukwawa akuuwa.

"Tiye, Sajeni, mwana wanga! Ona, n'zophweka!"

Anthu anatulutsa mafoni. Amene anaitanidwa sanabwere. M'malo mwake kunabwera Bisiketi, amene analumphira bambowo pamsana n'kuwagwira kolala ndi mano. Bambowo anagwa chagada, n'kukuwa.

Apo Sajeni ananyamuka. Palibe anaona mmene anadutsira bwalo lonselo. Anangoona Bisiketi ali pansi pa phazi limodzi la Sajeni, akulira ngati chitseko chadzimbiri, wosakandika ngakhale pang'ono.

"Chilombo!" anakuwa Anti Okailey. "Pofika Lachisanu chikhale chitachoka! Ndipo mumukalipire pompano, tonse tikuona!"

Bambo Bentsil anadzuka, udzu uli m'tsitsi. Sajeni anawayang'ana akugwedeza mchira koyamba tsiku limenelo, kudikira kuyamikiridwa. Bambowo anamuyandikira. Anakweza chala kuti amudzudzule, koma dzanja linatsika lokha n'kukagwera pamutu pake.

"Wagwira ntchito, mkulu," anatero. "Tiye tikalongedze katundu wathu."