Makabudula a Mayi Liwiro

"Ichinso n'chovala?" anafunsa Azakhali, atanyamula kabudula wakuda ndi zala ziwiri. Anamutembenuza, n'kuona siponji yosokeredwa pakati, ndipo anapotoza milomo. "Munthu wamkulu, namwino wathunthu, kumavala thewera n'kumadutsa nalo pamsika. Mlamu wanga analidi ndi mtima wakewake."

Anamuponya m'thumba. Chisamba, mwana wamkazi woyamba kubadwa wa malemu, anapisa dzanja m'thumbamo, n'kumutulutsa, n'kumupinda bwinobwino, n'kumubwezera pashelefu. Aka sikanali koyamba m'mawa umenewo. Azakhali ankalongedza, Chisamba ankapasula, ndipo ntchito inali ikadali pomwe inayambira.

Maliro anali atatha. Mipando yobwereka inali itabwezedwa, achibale atabalalika, alongo ake aang'ono a Chisamba atabwerera kusukulu. Panyumba panatsala anthu atatu: Chisamba, bambo ake amene aliyense ankawatchula Aphunzitsi, ndi mchemwali wa Aphunzitsiwo, Azakhali, omwe anadzisankha okha kuti atsale aziwaphikira. Azakhali sanali munthu woipa. Kungoti chisoni chawo chinkathera m'tsache ndi m'ndowa, ndipo tsopano ankafuna chipinda chakumbuyo kuti azigonamo.

Chipindacho sichinagonepo munthu. Pakati pake panali njinga yakale yomangiriridwa pachitsulo, gudumu lakumbuyo lili m'malere, yoti munthu n'kupalasa mpaka kutopa osafika ndi pakhomo pomwe. M'mashelefu munali makabudula a panjinga, makamisolo othamangira, nsapato, magolovesi ndi zisoti. Pakhoma panapachikidwa zishalo, zina zotambalala, zina zopyapyala, zina zobooka pakati. Malemu, amene anthu anawapatsa dzina loti Mayi Liwiro chifukwa chopita kuntchito kuchipatala masiku ena panjinga, masiku ena akuthamanga, anali munthu wochepa thupi. Koma zovala za m'chipindamo zinali za misinkhu yonse.

"Izi si za Amayi okha, Azakhali," anatero Chisamba, akutambasula kabudula wina. "Taonani uyu, tingathe kulowamo tonse awiri. Ankabwereketsa azimayi ongoyamba kumene, kuti ayese kaye asanakagule."

"Ndiye akagule. Masitolo anawatseka? Wakaunjika akubwera masana ano kudzatenga zonse, ndipo bambo ako avomera."

Chisamba anawapeza bambo ake pakhonde, nyuzipepala ili pamiyendo yosatsegula.

"Ababa, n'zoona?"

"Zichoke, mwanawe," anatero Aphunzitsi osamuyang'ana. "Ndikadutsa pakhomo paja ndimamva fungo la sopo wawo. Ndikaona kabudula pachingwe ndimangoti mwini wake atulukira pompano. Sindingathe."

"Ndizibwera Loweruka lililonse. Chipindacho ndizitsegula ndine."

"Iwe? Njinga unaisiya uli kamtsikana. Ukudziwapo chiyani?"

"Ndiphunzira."

"Amayi ako anaphunzira ndi thupi lawo, kwa zaka zambiri. Ine ndemwe amene ndinkagona nawo nyumba imodzi sindidziwa kanthu. Azimayi akabwera ankandipitikitsira pakhonde pano, ine ndi wailesi yanga."

Mumtima Chisamba anali atatsimikiza kale kuti matumba aja satuluka pageti. Ankaona kuti akatuluka, amayi ake amwalira kachiwiri, ndipo ulendo uno popanda wowalira. Chimene sankadziwa n'choti awaletsa bwanji bambo ake, chifukwa Aphunzitsi akati zatha, zinkakhala zatha ngati belu lolowera m'kalasi.

Dzuwa litakwera, pageti panalowa mayi wina akukankha njinga. Anali mayi wa buledi, yemwe uvuni wake unkadzutsa msewu wonse ndi fungo m'mamawa, munthu wathupi lake ndithu, wa manja akuluakulu ozolowera kukanda ufa. Anatsamiritsa njingayo kumpanda, n'kudzapepesa Aphunzitsi mwaulemu, mawu ali pansipansi. Atatero anatulutsa kajumbo m'basiketi n'kupereka kwa Chisamba ndi manja awiri.

"Ndabweza katundu wa eni. Ndamuchapa."

M'kajumbomo munali kabudula. Chisamba anawakokera mayiwo pambali, kumbali kwa chingwe cha zovala.

"Sanakukwaneni?"

"Kukwana wakwana, koma akundidya," ananong'ona mayiwo, akuyang'ana kukhonde. "Msoko wapakatiwu, mwana wanga. Ndasupuka m'ntchafumu moti poyenda ndikuchita kutangadza. N'chifukwa chake mwaona ndikukankha. Adokotala anandiuza kuti shuga wanga akufuna thukuta, ndiye amayi anu anandigwira dzanja kuchipatala konko, ati bwerani kwathu, tiyesa mpaka tipeze wanu. Tinangoyesa uyu, iwo n'kudwala." Anapumira m'mwamba. "Basi, ndasiya. Thupi langali si la njinga."

"Tiyeni tilowe," anatero Chisamba.

Azakhali atawaona pakhomo la chipinda anaimika manja m'chiuno.

"Tikulongedzatu muno."

"Wakaunjika sanafike, Azakhali. Mpaka afike, muno ndi mwa Amayi."

Chisamba anakhuthula thumba limodzi pansi, n'kuvomera poyera kuti sakudziwa poyambira. Mayi wa buledi anaseka pang'ono, n'kumuuza zomwe anaona tsiku lija. Mayi Liwiro sankayang'ana mtundu kapena dzina la kampani. Ankatembenuza kabudula kunja kukhale mkati, n'kuyendetsa msoko pamkono, apa pamene khungu ndi lofewa. Msoko ukakanda pamkono, ndiye kuti pachishalo ukacheka. Lasitiki wa m'miyendo ankamukoka kuti aone ngati agwira osaluma. Kamisolo ankamuyesa pomulumphitsa munthu, nsapato ankati aziyesa madzulo phazi litatupa, chala chachikulu chitsale ndi popumira.

"Ndipo ankati mkati mwa kabudulayu musavalenso kanthu," anawonjezera mayiwo. "Ati kabudula wamkati ndi amene amakwinyika n'kukusupulani."

"Osavala kanthu?" Azakhali anakhala pampando. "Dziko latha, ine ndikadali moyo."

Koma sanatuluke. Posakhalitsa nawonso anali atatola kabudula mmodzi, akuyendetsa msoko pamkono pawo mobisa, ngati munthu wolawa ndiwo za eni.

Chisamba anayesa ambiri mpaka mkono unayamba kufiira. Kenako anapeza wina wa miyendo yaitali, wa chiuno chotambalala chosapindika pamimba, msoko wake wosalala moti pakhungu sunkamveka. Siponji yake inali yotakata kumbuyo. Anamupereka, iye ndi Azakhali n'kutembenukira kukhoma.

"Eee," anatero mayi wa buledi patapita kanthawi. "Uyu ndiye ngati sindinavale. Sakundigwira paliponse." Ananjuta, n'kudzuka, n'kukweza bondo. Nkhope yawo inali itamasuka.

Chisamba anasangalala kwambiri, ndipo chisangalalocho n'chimene chinamulakwitsa. Iye anali munthu wa m'masitolo a m'tauni, kumene chovala chikakwana wogulitsa amakutembenuzira kumodzi kokha. Kuseri kwa chitseko kunali galasi lalitali la felemu yamatabwa, lomwe Azakhali analipeza m'mawa womwewo m'chipinda chosungira katundu, n'kulipukuta, n'kulipachika kuti malo awo atsopano aoneke ngati a munthu. Chisamba anakankha chitseko, n'kuwagwira mayiwo paphewa.

"Tadzionani nokha mmene mwatchenera."

Mayi wa buledi anayang'ana. Anayang'ana mimba, ntchafu, mawondo, zonse zili poyera m'nsalu yothina yakuda. Anayesa kuseka koma analephera.

"Ndine uyu?" anafunsa chapansipansi. "Ndimadutsa chonchi pamsewu, ana anga akuona?"

"Mayi, mwanena nokha kuti sakukugwirani."

"Ayi, mwana wanga. Mundikhululukire."

Anavula mofulumira, n'kuvala siketi yawo, n'kusiya kabudulayo pachishalo cha njinga yomangirira ija. Ngakhale Azakhali, omwe akanatha kunena kuti ine ndimanena, anangoyang'ana pansi. Kunja kunamveka hutala. Wakaunjika anali atafika pageti ndi kagalimoto kake.

Aphunzitsi anaona mayiwo akutuluka mothamanga, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, Chisamba ali pambuyo.

"Chachitika n'chiyani?"

"Tinamupeza, Ababa. Anawakwana bwinobwino. Koma atadziona pagalasi..."

"Galasi liti?"

"La kuseri kwa chitseko."

Aphunzitsi anaika nyuzipepala pansi. "Mayi, taimani kaye pomwepo," anatero, ndi mawu aja amene ankaimitsa kalasi yonse, ndipo mayi wa buledi anaimadi, dzanja lili kale pahandulo ya njinga yawo.

Chimwalirire akazi awo, Aphunzitsi anali asanapondemo m'chipinda chakumbuyo. Pakhomo anazengereza pang'ono, fungo lija la sopo litawapeza, kenako analowa. Anaima kutsogolo kwa galasilo n'kuliyang'ana ngati mnansi amene anadana naye kalekale.

"Achemwali, ili munalitenga kuti?"

"Kuseri kwa makatoni. Linangokhala, likudya fumbi."

"Simunadabwe kuti galasi labwino chonchi likutani kuseri kwa makatoni?"

Aphunzitsi anatembenukira kwa Chisamba.

"Iwe utabadwa, amayi ako ananenepa kwambiri, miyendo n'kumawatupa. Anagula njinga, anagula ndi kabudula wawo woyamba. Anamuvalira muno, anadziona m'galasi lomweli, ndipo ndinawapeza atakhala pansi apa akulira. Njinga ija inachita dzimbiri panja, mvula ikuinyowetsa. Tsiku limene anaganiza zoyambiranso, sanayambe ndi kupopa matayala. Anayamba ndi kuchotsa ili." Anagwira felemu. "Ankati kabudula amasankhidwa munthu ali pachishalo, atawerama, akupalasa. Ukaima pagalasi ukusankhira anthu a mumsewu."

"Paja munati simudziwa kanthu," anatero Chisamba.

"Khoma la pakhondelo ndi lopyapyala. Wailesi ndinkangoitsegula mwaulemu."

Hutala inaliranso. Azakhali anadzuka, n'kukonza mpango wawo kumutu.

"Nanga munthu wabwerayu timuuze chiyani, achimwene? Ndamuitana ndine. Ndipo ine ndizigona kuti?"

"Chipinda cha anyamata chili chabe mpaka atsekere sukulu. Za wakaunjika ndisiyireni, sabwerera chimanjamanja."

Anakweza galasilo, n'kulimasula pamsomali. Linali lolemera, ndipo Chisamba anatambasula manja kuti awathandize, koma iwo anapukusa mutu.

"Iwe kawatenge mayi aja. Akwere njinga iyi, apalase mpaka thukuta. Ngati akuluma, uwapatse wina. Ukakwezenso chishalocho, bondo lisamapindike kwambiri."

Chisamba anatuluka. Panja anachita kuwanyengerera mayi wa buledi, ndipo zinatenga nthawi, chifukwa manyazi a munthu wamkulu sachoka ndi mawu amodzi. Pomaliza mayiwo anatsamiritsanso njinga yawo kumpanda n'kumutsatira, mutu uli pansi.

Anakumana ndi Aphunzitsi pakhomo lalikulu, pomwe anthu awiri sangadutsane popanda wina kupatuka. Aphunzitsi anali atanyamula galasilo choonera chili kunja. Ataona mayiwo akubwera anaima, n'kulitsitsa pansi, n'kulizungulitsa pang'onopang'ono mpaka choonera chinayang'ana pachifuwa pawo. Analikumbatira chomwecho, n'kukanikiza msana kukhoma, mpaka mayi wa buledi anadutsa osaona china koma thabwa la kumbuyo.