Mitengo ya Otilia

Nkhwangwa inali itadya kale mbali imodzi ya mbawa pamene Simoni amatulukira kumtsinje. Anabwera chothamanga, wopanda nsapato, mutu wake wometa pamaliro ukunyezimira thukuta ngakhale dzuwa linali lisanakwere. Feston, bambo wootcha makala wa m'mudzi momwemo, atamuona anaimitsa nkhwangwa m'malere, n'kuitsitsa pang'onopang'ono.

Anafotokoza mwamanyazi kuti anatumidwa ndi a Gabriel, achimwene a malemu. Anamuuza kuti agwetse mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje kuti iyambe kuuma, nkhuni zake zidzaotchere njerwa zomangira manda a Otilia mvula isanagwe.

Simoni anayang'ana bala la mtengo uja, lofiira ngati nyama. Kenako anakhala pansi n'kutsamira msana pabala pomwepo.

"Pitirizani," anatero. "Koma muyambire pano pamene ndakhalapa."

Feston anasenza nkhwangwa paphewa n'kulowera kumudzi kukaitana amene anamutuma.

Otilia, mkazi wa Simoni, anali atamwalira sabata yathayo kuchipatala, chibayo chitamugwira mwadzidzidzi. M'dera lonse la Makhuwira ankadziwika kuti mayi wojambula ndi dothi. Penti wa m'zitini sankamufuna, ankati ukatsuka burashi madzi ake amakathera mumtsinje momwe anthu amatunga. Ankakumba katondo m'munsi mwa phiri, makande kudimba, n'kupala mwaye kukhitchini. Zonsezi ankapera pamwala, kusefa pakansalu, n'kusakaniza ndi utomoni wa mthethe. Ngakhale mapepala ankapanga yekha ndi ulusi wa mitengo ya nthochi imene anthu amataya akadula mkoko. Chithunzi chikauma ankachitola ndi tabuleti yake, imene inkadya moto wa sola ya padenga, n'kumalizira mmenemo ndi kacholembera kake: kung'anima kwa madzi, mthunzi wa kakowa akuuluka, zinthu zimene dothi linkamukanira. Zithunzi zina zinkakathera pazikuto za mabuku ku Blantyre, zina kutali kuposa apo. Amayi anzake ankamuseka kuti dzanja lake limodzi lili kwa makolo, lina kwa Azungu. Iye ankayankha kuti manja onse awiri ndi ake, ndipo palibe amene anamubwereka.

Mitengo ya kumtsinje anabzala chaka chimene madzi osefukira anakokolola theka la mudzi. Inali mibawa, misangu, mithethe ndi nimu. Simoni ndi amene ankasenza naye madzi othirira m'chilimwe, anthu akuwayang'ana ngati openga. Iye anali Msena wa kwa Malemia, wokonza njinga, munthu wosachuluka mawu. Analolera kukhala kuchikamwini chifukwa Otilia anakanitsitsa kusiya dothi la kwawo. Zaka zonsezi sanatsutsepo mawu a kuchikazi. Akati gwira apa, ankagwira.

Gabriel anafika atavala nsapato zake za kuntchito. Anali kapitawo m'minda ya nzimbe ku Nchalo, munthu wozolowera kuti akanena chinthu chichitike. Pambuyo pake pankabwera Melissa, mwana yekhayo wa Simoni ndi Otilia, amene anasiya maphunziro ku Blantyre kudzaika amayi ake.

"Alamu, dzukani apo," anatero Gabriel. "Anthu akuona."

"Aone."

Gabriel anayamba ndi mawu ofatsa. Anati mlongo wake sanali munthu wamba woti agone pansi pa mulu wa dothi ngati wopanda abale. Anati simenti agula yekha, omanga awapeza yekha, kwa mlamu wake sakupempha kanthu. Chimene chikusowa ndi nkhuni basi, ndipo nkhunizo zaima pamalo a banja lawo. Simoni anayankha kuti mitengoyo si nkhuni, ndi imene yagwira gombe kuti mtsinje usalowenso m'mudzi.

Apa nkhope ya Gabriel inasintha.

"Mukundiuza ine za mtsinje? Munalipo pamene ndinkafunafuna manda a amayi anga? Madzi aja ataphwa ndinayenda m'matope ndi ndodo, ndikubaya pansi ngati wosaka mbewa. Sindinapeze ngakhale thabwa. Lero ndikafuna kulankhula ndi amayi, ndikaime pati? Otilia sindimusiyira madzi. Ndimumangira cholimba."

Simoni ankaidziwa nkhaniyo. Ankadziwanso kuti tsiku lomwelo, Gabriel akubaya matope, Otilia anali kugombe akutola mbewu za mbawa m'zinyalala zimene madzi anasiya. Onse awiri ankalira mayi mmodzi. Koma anangoti ngati mitengoyo igwa, madzi adzatenga njerwa zomwe pamodzi ndi mwini wake.

Gabriel anamukumbutsa kuti mkamwini salamula pamalo a eni. Mwambo womusudzula unali usanachitike, ndipo abale anali okonzeka kumulola kukhalabe m'nyumbamo chifukwa cha mwana. Koma akapitiriza kuuma mutu, njira ya kwa Malemia anali akuidziwa.

Melissa anayang'ana bambo ake. Anali asanawamvepo akuyankha amalume ake mawu oposa "chabwino". Simoni anafikisa khungwa la mbawa pakati pa zala. Pamene amayankha, mawu anatuluka m'Chisena cha kwawo.

"Nkhabe."

Kenako anabwereza m'chinenero cha mlamu wake kuti pasakhale kunamizira kusamva. "Ayi. Mundisudzule mawa ngati mukufuna. Koma lero ndikadali mwamuna wa Otilia, ndipo mtengo wake sugwa ine ndikupenya."

Melissa anadutsa pafupi ndi amalume ake, n'kukakhala pansi pa msangu woyandikana ndi mbawa uja. Anayala chitenje bwinobwino ngati munthu amene wabwera kudzakhalitsa.

Gabriel anachoka akunena kuti odula mitengo sali m'mudzi muno mokha.

Masiku otsatirawo panyumba panalibe mtendere. Amayi aang'ono a Melissa anasiya kumupatsa moni Simoni. Ena ankanong'ona kuti Msenayu akufuna adzagulitse yekha matabwa, ena ankati chisoni chamuzunguza mutu. Feston anakana kubwereranso ndi nkhwangwa, anati iye sadula mtengo wokhala ndi munthu patsinde. Anyamata awiri amene Gabriel anawatenga kumudzi wina atafika anapeza Melissa atakhala pomwe paja, akusoka chitenje. Anazungulira, kukanda m'mutu, n'kubwerera.

Koma Simoni ankadziwa kuti kukhala pansi sikumanga manda, ndipo mantha a mlamu wake sanali abodza. Mitambo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri a Thyolo masana alionse. Choncho anapita kwa adzukulu oyang'anira manda kukapempha chilolezo chomanga yekha mandawo ndi miyala. Anang'ung'udza, makamaka atamva kuti mwana wamkazi azilowanso, koma mapeto ake analola. Simoni anamanga dengu lolimba kumbuyo kwa njinga n'kuyamba kututa miyala.

Miyalayo inali yambirimbiri mumtsinje wouma, ikuluikulu, yosalala, imene madzi anagubuduza kuchokera kumapiri. Kutentha kwa Okutobala kuchigwa sikuona wamasiye. Mchenga unkawotcha mapazi, miyala inkawotcha manja, njinga inkatitimira. Simoni ankangokankha, malaya atamamatira kumsana. Akafika kumanda ankakumba ngalande mozungulira pamene panagona mkazi wake, n'kumayala miyala mozama, waukulu pansi, wamng'ono pamwamba, monga ankachitira ndi Otilia potchinga gombe. Masana ena anagwa ndi njinga n'kusupuka bondo. Amayi amene ankachokera kudimba anaima n'kumuyang'ana. Mmodzi anati amuthandize, mnzake anamukoka dzanja. Simoni anadzuka, kutolera miyala yake, n'kupitiriza.

Melissa naye anali ndi ntchito yake. Anatola chithunzi cha mandawo ndi tabuleti ya amayi ake, ndipo madzulo, dzuwa likapepa, ankakhala pakhonde n'kumajambula pamwamba pa chithunzicho. Dzanja lake silinali lokhwima ngati la amayi ake. Ankafufuta, kuyambiranso, nthawi zina n'kuika tabuleti pamiyendo n'kulira pang'ono. Mitundu sankasankha yopanda pake. Otilia anali atasunga mmenemo mtundu wa dothi lililonse limene ankakumba, ndipo Melissa ankatenga yokhayo imene akanatha kukaipeza ndi khasu.

Madzulo ena Gabriel anamupeza pamenepo. Anabwera kudzanena kuti tchuthi chake chikutha, ndipo akufuna yankho. Melissa anamupatsa mpando, n'kumutambasulira tabuleti ndi manja awiri.

Gabriel anayang'ana nthawi yaitali. Pachithunzipo panali manda a miyala, ozira ndi dothi pamwamba. M'mbali mwake munali mzere wakuda wokhotakhota ngati mtsinje, ndipo mbali zonse ziwiri kunali mitengo yofiira, mizu yake itagwirana pansi pa madziwo. Kumutu kunali dzina la Otilia m'zilembo zoyera za phulusa.

"Ndi zokongola," anatero. "Koma mvula yoyamba ichotsa zonsezi."

"Tidzapakanso, amalume."

"Chaka ndi chaka?"

"Chaka ndi chaka. Ndikadzakhala ndi ana, adzaphunzira kupera katondo. Manda a simenti munthu amamanga kamodzi n'kuiwala njira."

Mawuwo anamulasa Gabriel. Anabweza tabuleti, n'kunena kuti iye njira sanaiwale, manda ndi amene anachoka. Melissa anaweramitsa mutu. Anadziwa kuti walankhula mopitirira, koma sanabweze mawu ake. Simoni, amene ankamata tayala chapafupi, anati miyala waizika mozama mpaka m'chiuno, ndipo ngati mlamu wake akukayika apite akaikankhe yekha. Gabriel anaimirira n'kuchoka osatsanzika.

M'mawa mwake adzukulu anauza Simoni kuti anaona kapitawo uja kumanda ali yekha. Anaponda mwala uliwonse ndi nsapato yake, wina anaugwedeza ndi manja onse awiri. Atamaliza anakhala pansi pa mtengo nthawi yaitali.

Tsiku lopaka linafika kumwamba kukugunda chapatali. Simoni anali atazira kale pamwamba pa miyala ndi makande, ndipo makandewo anali atauma. Melissa anabwera ndi mabeseni a amayi ake, maburashi a ubweya wa mchira wa ng'ombe, ndi utomoni umene anatola m'mithethe ya kumtsinje. Katondo anakakumba m'mawa womwewo paphompho la kuseri kwa manda. Anaimika tabuleti pamwala kuti aziyang'anira. Iye ankalemba mizere, bambo ake ankadzaza. Zala za Simoni, zozolowera sipanala, zinkavutika kugwira burashi, ndipo mtengo wake woyamba unatuluka wopindika. Anafuna kuufufuta. Melissa anati ausiye, kumtsinje kulinso yopindika.

Abale ambiri sanabwere. Feston anabwera, anaima patali atavula chipewa.

Atatsala pang'ono kumaliza anamva mapazi. Anali Gabriel, chikwama chili paphewa, ali pa ulendo wobwerera ku Nchalo. Anaima kumiyendo kwa manda n'kuwerenga dzina la mlongo wake. Za njerwa sananenepo. Anangouza Simoni, osamuyang'ana, kuti nkhani ya kusudzula abale adzaikamba akadzabweranso, ndipo asaganize kuti yatha. Simoni anati adzamupeza pompano.

Melissa anatsuka maburashi n'kuwamanga m'kansalu. M'beseni limodzi munatsala katondo wouma amene sanagwire ntchito. Analinyamula kuti akakhuthule patchire.

"Usataye," anatero Gabriel. "Munakumba kuti?"

Melissa analoza kuphompho. Gabriel anaika chikwama pansi, n'kulandira beseni. Anayenda nalo m'minga ndi nsapato zake zopukuta zija, Simoni ndi Melissa akumutsatira chapatali. Atafika padzenje anagwada, n'kukhuthuliramo dothi lonse. Anapala ndi chala limene linamamatira m'mphepete mwa beseni.

"Tili ana tinkaumba ng'ombe zadothi," anatero, akulankhula ngati kwa dzenjelo. "Tikamaliza, anzathu onse amathamangira kukasewera. Uyu yekha amandigwira malaya kuti tikabweze lotsala kumene tinalitenga. Amati tangobwereka. Ndikakana amalira mpaka ndipite."

Anasalaza dothilo ndi chikhatho, n'kulitsindira pang'onopang'ono mpaka linafanana ndi lozungulira. Kenako anaimirira, kupereka beseni kwa Simoni, n'kukatenga chikwama chake. Anatsika kulowera kumsewu osapukuta m'manja.