Nkhono Zochita Kuikiridwa

"Ndati manachesi anuwo sindikufuna. Mundiuze chomwe mwandibweretsera kuno."

Mayi Bu Chunja analankhula osatembenuka. Anali ataima pamalo oonetsera nsomba, kutsogolo kwa galasi la thanki lalitali kuposa nyumba yawo, nsomba zikuzungulira kuseri kwake. Mwana wawo Taesik anakanda kumutu. Mkazi wake Miran anabwezera manachesi m'chikwama.

"Amayi, lero n'longocheza. Mupumeko," anatero Taesik.

"Iwe, ndamira m'nyanja zaka makumi asanu ndi ziwiri. Ndipume poonera nsomba? Zina mwa izi ndinadya agogo awo."

Mayi Chunja anali wa gulu la amayi omira m'nyanja m'mudzi mwawo pachilumba cha Jeju, aja amatsika ndi mpweya wa m'chifuwa chokha kukakanganula nkhono m'miyala. Anali mmodzi mwa akatswiri opita kwakuya. Amuna awo anamwalira chaka chatha. Mwezi wathawu iwo anavuuka magazi akutuluka m'mphuno, ndipo wina wapakamwa anaimbira Taesik foni.

Nyimbo inayamba kulira. Amayi anayi ovala zakuda zalabala anatsika m'thankimo kuchokera pamwamba. Anthu anaomba m'manja, mafoni ali m'mwamba. Mayi Chunja anatsinzina diso limodzi. Wachitatuyo ankapalasa madzi mwendo wakumanzere ukutsalira.

"Uyo ndi Oksun! Anatisiya pagulu akuti msana. Msana wake ndi umenewo? Taonani mmene akugwedezera matako!"

"Amayi, anthu akumva," ananong'ona Miran.

"Amve."

Taesik analoza thankiyo. "Pano akufuna womira wachisanu. Madzi ake ndi ofunda, mafunde mulibe, dokotala ali pafupi. Kawiri patsiku basi. Dzina lanu ndapereka kale. Bwana wake akufuna akuoneni chionetserochi chikatha."

Mayi Chunja anayandikira galasi. Maso anali pa Oksun. Anamuona akufika pamwala, n'kutola nkhono yaikulu ndi zala zokha, chitsulo chokanganulira chili lende padzanja. Oksun anaikweza m'mwamba, ana oonerera n'kukuwa. Nkhono yamoyo sichoka chotero. Imakakamira mwala, ukachedwa kulowetsa chitsulo imachipana, iwe mpweya ukutha.

"Imeneyo aiika ndi manja m'mawa uno," anatero Mayi Chunja. "Ndiperekeze. Osati kwa bwana wakoyo. Kwa Oksun."

Anamupeza kuseri, pabenchi, thaulo lili kumutu, akumwa madzi otentha.

"Amake Taesik! Wabwera kudzaphunzira kuvina?"

"Ndabwera kudzaona nkhalamba yotola zoikiridwa. Manyazi unawasiya kuti iwe? Mayi ako anafera m'madzi enieni, iwe ukubayibitsa ana m'botolo!"

Oksun anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Zoikiridwa. Iweyo ukunena zoikiridwa?"

"Ndanena."

"Chimwalirireni amuna ako, thumba lako limadzaza bwanji? Umatsika kakhumi pomwe kale unkatsika makumi atatu. Nkhonozo zimaberekana m'thumbamo?"

Pagulu pali mwambo. Wamphamvu akaona mnzake wafooka, amaponya nkhono ziwiri kapena zitatu m'thumba lake loyandama mwiniwake ali pansi. Sanena, ndipo wolandirayo safunsa. Mayi Chunja anachitira anthu zimenezo zaka zambirimbiri. Sanaganizepo kuti dzanja lingatembenukire kwa iwo.

"Bodza," anatero, koma mawu anatuluka opyapyala.

"Ine ndekha ndinkakuponyera zitatu. Koma nkhono si nkhani, mnzanga. Ukatsika iwe, awiri satsika. Amangoyandama pamwamba akukuwerengera mpweya. Tsiku la magazi lija anakutulutsa ndani?"

"Ndinatuluka ndekha."

"Anakukankha ndi Yeonghui, kunsi kwa mapazi. Anali atangovuuka, asanapume n'komwe, anabwereranso pansi. Anagona masiku atatu akusanza madzi. Mtsikana wa ana awiri. Palibe anakuuza chifukwa pakamwa pakopo onse amapaopa."

Kuseri kwa khoma makina opopa madzi ankangolira. Taesik anayang'ana nsapato zake. Mayi Chunja anakhala pabenchi, pambali pa Oksun, n'kuyang'ana manja awo. Zala zinali zopindika, zikhadabo zong'ambika. Anakumbukira kuti sabata imeneyo anakalipira Yeonghui pamaso pa anthu kuti achinyamata a masiku ano ndi aulesi, kachimfine kokha agona.

"Ine ndinachoka ndisanaphe munthu," anatero Oksun, tsopano motsitsa. "Muno n'mwabodza, ndikudziwa. Koma palibe amandiwerengera mpweya."

Patapita kanthawi, Taesik anayandikira. "Amayi, bwana uja akudikira."

"Kamuuze afufute dzina langa."

"Koma amayi..."

"Khala chete, sindinamalize. M'botolo sindilowa. Mawa ndikauza gulu kuti kwakuya ndasiya. Ndizikalowa kunyanja ya nkhalamba."

Kumeneko ndi kagombe kosaya, kotchingidwa ndi miyala, komwe gulu limasiyira amayi okalamba. Achinyamata saloledwa kutolako kanthu.

Oksun anaseka mpaka kutsamwa. "Kuja unkati ndi bafa la makanda?"

"Komweko. Ukasekanso ndikumiza m'kapu yakoyo."

"Koma ndi nyanjabe," anatero Taesik.

"Madzi ake amalekeza m'khosi, mwana iwe. Ndikafooka ndizingoimirira."

Taesik anatsegula pakamwa, koma Miran anamugwira mkono. Anatuluka onse atatu kudzera m'kanjira kagalasi, nsomba zikudutsa pamwamba pa mitu yawo. Mayi Chunja sanakweze maso. Panja mphepo inali itayamba, nyanja ikuchita thovu pamiyala. Mayi Chunja analowa m'galimoto kumbuyo n'kumenyetsa chitseko.

"Tidzere kwa Yeonghui," anatero.

"Kukatani, amayi?" anafunsa Miran.

"Ndikamukalipire. Munthu wa ana awiri samira chifukwa cha nkhalamba."

Anatembenukira kuwindo, ndipo Taesik analiza galimoto osafunsanso kanthu.