Makina a Madzi ku Manje

Mayi Lusiya anagulitsa madzi pa kiyosiki ya ku Manje zaka zisanu ndi ziwiri. Kwawo kunali ku Nsanje, koma paipi ya madzi ya paphiri la ku Manje ankaidziwa kuposa njira ya kumudzi. Madzi akasiya masiku awiri, pobwerera ankayamba ndi mpweya. Mpopi unkatsokomola, kulira, kulavula matope, kenako madzi abwino.

Mu 2017 bungwe lina linalengeza kuti liika makina oyendera khadi. Munthu azingogunditsa khadi yake, madzi n'kutuluka. Kalata inawerengedwa kutchalitchi, yoti Lachitatu anthu apite kusukulu akapereke maganizo awo.

Tsikulo Mayi Lusiya anatseka kiyosiki, natsetsereka limodzi ndi a Veronica, neba wawo wogulitsa mandasi. Msonkhano wa 9 koloko unayamba dzuwa lili paliwombo. A Obed, ofisala wa bungwelo, anaonetsa zithunzi pakhoma, akulankhula Chingerezi chothira mchere wa Chinyanja apa ndi apo. Ola lathunthu linatha.

"Tilandira mafunso atatu okha," anatero a Obed. "Nthawi yatithera."

Woyamba anathokoza alendo. Wachiwiri anafunsa ngati kuli zakumwa. Mayi Lusiya sanadikire kulozedwa, anangoimirira.

"Pepani bambo, makina anuwa amasiyanitsa madzi ndi mpweya?"

Ena anaseka. Iwo sanaseke. Anafotokoza za paipi ija, kuti mpweya umazunguza mita yowerengera madzi ngati ndi madzi enieni, ndi kuti iwo amayamba autaya asanathire m'ndowa ya munthu.

"Zimenezo n'za mainjiniya, mayi. Tazilemba," anatero a Obed.

Koma cholembera chinali chikadali m'thumba la malaya awo.

"Nanga ife mwatiitanira chiyani?" anafunsa Mayi Lusiya.

"Kuti musankhe nokha," a Obed anamwetulira. "Makinawa apakidwe penti wabuluu kapena wobiriwira?"

Mayi Lusiya anakweza dzanja kuti afunsenso. Nthawi yomweyo anthu ankakweza manja kuvotera wabuluu, ndipo wojambula zithunzi wa bungwelo anawajambula onse. Potuluka, a Veronica anawakoka chitenje n'kuwalozera pawindo la ofesi ya ahedi. Makatoni a makina anali ataunjikidwa kale mmenemo.

Patatha mwezi makina anaikidwa, Mayi Lusiya n'kusiyidwa kuti azingoyang'anira. Sabata yoyamba zinayenda bwino, moti iwo eni anayamba kudzikayikira. Kenako madzi anasiya masiku atatu. Madziwo atabwerera, a Veronica ndi amene anali patsogolo pa mzere. Anagunditsa khadi. Mpopi unatsokomola, manambala a pamakina n'kumathamanga, mpaka makina analira kuti mayunitsi atha. M'ndowa munali timadzi tamatope tosakwana kusukusula kumaso. Wachiwiri zinamuchitikiranso chimodzimodzi.

"Si inu munavomereza zimenezi?" anakalipa mayi wina, akuloza chipepala chomatidwa pakhoma la kiyosiki. Panali chithunzi cha Mayi Lusiya dzanja lili m'mwamba, pansi atalembapo kuti anthu a ku Manje asankha okha.

"Ndimafuna kufunsa funso pamenepo!"

Palibe anawamvera.

Anakwera minibasi kupita kuofesi ya bungwelo m'tauni. Ulendo woyamba anawauza kuti a Obed ali pamsonkhano. Ulendo wachiwiri anati ali kufilidi, kukayendera ntchito m'madera. Ulendo wachitatu mtsikana wa polandirira alendo anati a Obed anasamutsidwira ku pulojekiti ina, n'kuwapatsa fomu.

"Mulembe apa, muponye m'bokosimo. Chaka chamawa tidzabwera kudzamva maganizo a anthu."

"Maganizo ndinapereka kale, mwanawe."

"Mulembebe, amayi."

Analemba, mizere inayi. Bokosilo linali lodzaza, moti pepala lawo anachita kulikankhira ndi chala.

Atafika ku Manje anapeza pa kiyosiki palibe munthu. Azimayi anali kutsetsereka ndi zidebe kupita kukhwawa, kumene anasiya kutungako zaka zapitazo chifukwa cha kolera. Mayi Lusiya anawayang'ana kanthawi. Kenako analowa m'nyumba, natenga ndowa yawo n'kuwatsatira.